Chala cha a Imasiku

Malemu a Eustace Imasiku sankamaliza chiganizo mbalame ikalira. Kuchokera ku Nyalugwe mpaka ku Nyimba, aliyense wa imvi adzayamba kukuuzani zimenezi asanatchule n'komwe kuti anali mphunzitsi wamkulu. Munthu akulankhula bwinobwino, mawu ali pakatikati, kwinakwake kambalame n'kuti tswii, basi chala chakumanja chili m'mwamba, mutu wapendekeka, maso atsinzina pang'ono. Chopweteka kwambiri n'chakuti mbalame ija ikamaliza, iwo sankabwerera pamene anasiyira. Mawu aja apita basi, musawadikire.

Ku Nyalugwe kuli azibambo a zidzukulu zawo amene mpaka lero sadziwa kumene mtsinje wa Zambezi umakathera, chifukwa tsiku la phunziro limenelo nkhwazi inadutsa pamwamba pa sukulu. Koma chinthu chimodzi mwana aliyense anachiphunzira mpaka kulowa m'magazi: chala chikakwera, khala chete, yang'ana kumwamba. Wotsokomola ankasesa bwalo sabata yathunthu.

Amene anavutika nacho chala chimenechi kuposa tonse ndi akazi awo, a Bernadette. Bamboyo anali wa mtundu wa Alozi, wokulira m'bwato, boma n'kumutumiza kuno. Tsiku lofunsira mbeta anafika atavala taye, n'kunena kuti, "Bernadette, ine ndabwela kuti ndiku..." Pomwepo njiwa inalira mumtengo wa mango. A Bernadette anadikira milungu iwiri, kenako anapita okha kwa amalume awo kukawauza kuti mphunzitsi uja akufuna banja, angomuthandiza kumaliza.

Iwo a Bernadette pakamwa pawo panali ngati chigayo cha pa Nyimba tsiku la msika. Ankalankhula akusinja, ankalankhula akutunga madzi, m'tchalitchi ankayankha ansembe asanamalize kufunsa. Ndiye tangoganizani, mayi wotere kukwatiwa ndi munthu wa chala.

Loweruka lililonse a Imasiku ankavala kabudula wa khaki ndi majombo, n'kukoleka m'khosi magalasi oonera kutali, ulendo wa ku dambo la Chamatete, kumene madzi a Luangwa amatsalira akasefukira. Ankayenda tsiku lonse m'matope ndi m'bango, kabuku kali m'manja, kulemba kuti akakowa alipo angati, atsekwe afika liti, achiswankhono agona mumtengo uti. Anthu ankangopukusa mitu. Mbalame imene sungadye, uziyitsatira mpaka zidendene kung'ambika? Koma chimene chinkawanong'onetsa anthu ndi ubwenzi wawo ndi nantchengwa, mbalame yofiirira ija ya mutu ngati hamala, imene imamanga chisa chachikulu ngati kankhokwe n'kusanjikapo chilichonse chimene yatola, sanza, mafupa, chikopa cha njoka. Kwathu kuno mwana amayamwira m'bere kuti ukakhudza chisa cha nantchengwa, kapena kanthu kochokera pamenepo, umapenga. A Bernadette akangoiona mbalame imeneyi ankalavula malovu n'kutembenuka.

Tsoka linabwera chaka chija tinkafola mzere wa mchere ndi sopo, asilikali ali tho pa mlatho wa Luangwa. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ankayamba wacheuka asanaseke. Kalaliki wina wa ku Mwape anatengedwa chifukwa cha nthabwala ya pamowa, anabwerako patatha zaka ziwiri alibe mano akutsogolo.

Uthenga unafika kuti Loweruka kubwera bwana wamkulu wa chipani kuchokera ku Petauke. Bwana ameneyu ulendo wapita anasiya kambendera ka chipani ka patebulo, kakang'ono ngati mpango wa m'manja, n'kunena kuti kasungidwe kwa mphunzitsi wamkulu ndipo akadzabwera adzafuna kukaona. Lachinayi a Bernadette anakatulutsa m'kabati n'kupeza kali fumbi lokhalokha, ndowe za mphemvu mbwee. Anatenga kachidutswa ka sopo kotsiriza m'nyumbamo, n'kukachapa kudambo, n'kukayanika pachitsamba. Ndiye anakumana ndi mnzawo wa kwaya. Nkhani ya mpongozi wa mnzawoyo inali yaitali. Potembenuka, chitsamba chili chokha.

Anafunafuna mpaka dzuwa kupendeka. Amene anakapeza ndi Jethro, tcheyamani wa achinyamata a chipani, ngakhale kuti anali ndi dazi ndi ana asanu. Jethro anali ndi mangawa ndi a Imasiku, chifukwa tsiku lina akutsogolera mfuu ya chipani pamsonkhano, chala chinakwera, khamu lonse zii, iye n'kutsala akukuwa yekha. Madzulo a Lachinayi lomwelo anafika pakhomo pa a Imasiku ndi anyamata ake anayi, n'kuwatenga onse awiri, bambo ndi mayi, mpaka m'mphepete mwa dambo. Analoza mtengo wa mkuyu woima m'madzi. Pamwamba pa chisa cha nantchengwa, pakati pa sanza ndi chikopa cha njoka, kambendera kaja kanali petupetu.

Jethro sanafune kumva za chitsamba. Ananena kuti aphunzitsi apereka mbendera ya chipani kwa mbalame zawo za ufiti, ndipo ndani akudziwa kuti m'kabuku kaja amalembamo chiyani, munthu wochokera kutali. A Bernadette anati wochapa ndi iwo, wosasamala ndi iwo. Jethro anaseka n'kunena kuti mbendera sinasiyidwe kwa mayi, inasiyidwa kwa mphunzitsi wamkulu. Aphunzitsiwo akwere, apasule chisa, aitsitse.

A Imasiku anaika magalasi m'maso, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ananena modekha kuti m'chisamo muli anapiye, nthambiyo ndi yofumbwa, munthu akakwerapo zonse zigwera m'madzi. Iwo sakwera.

"Ndiye mvelani," anatero Jethro. "Loweluka mbendela isapezeke patebulo, galimoto ya abwana kumbuyo ili ndi malo."

Anasiya anyamata awiri pakhonde kuti aphunzitsi asatuluke, angathawire ku Mozambiki.

Lachisanu lonse a Bernadette anawalalatira amuna awo. Anawakumbutsa za kalaliki wa ku Mwape. Anawakumbutsa za mwana wawo Hilary amene anali ku sekondale ku Petauke, kuti adzauzidwa chiyani, kuti atate ake anasankha ana a mbalame? Analira, anatukwana dambo ndi zonse zouluka. Anapita kwa asodzi atatu kuwapempha kuti akakolole kansaluko, onse anakana asanamalize kupempha. Mmodzi anati bola ndende, kundende munthu amabwerako. A Imasiku anangokhala pampando akupukuta magalasi awo. Anali atalongedza kale bulangete, mswachi ndi kabuku katsopano m'kachikwama. A Bernadette ataona kachikwamako anadziwa kuti munthuyu sakuseka, apitadi.

Anatseka chitseko ndi mawindo onse kuti kusamveke ngakhale mpheta, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando.

"Atate ake Hilary, ndiuzeni njila. Ndipita ine."

A Imasiku anawayang'ana ngati akuona mbalame imene mulibe m'buku. Kenako anayamba kunong'ona. Atenge nsungwi yothyolera mango ija ya waya kunsonga. Apite dzuwa likangotuluka. Aime pansi pa mkuyu osagwedezeka mpaka makolo onse awiri atapita kukasaka achule. Akakola nsalu, akankhire m'mwamba, asakokere pansi. Ndipo asiyepo kena m'malo mwake, chifukwa nsaluyo yatseka pamene mvula ingalowere. Chachikulu, asalankhule, ngakhale kupemphera mokweza.

"Mukafika pa mtengo wakugwa," anapitiriza, "musadzele kumanzele, chifukwa kumeneko kuli..."

Namzeze amene anamanga pansi pa denga analira. Chala chinakwera.

A Bernadette anawagwira malaya, anawagwedeza, kuli chiyani kumanzere, kuli chiyani? Koma bamboyo anali atayamba kale kufotokoza kuti anamzeze chaka chino afulumira.

Loweruka dzuwa likutuluka, a Bernadette anatuluka ndi ndowa pamutu, nsungwi m'manja, n'kuuza anyamata a pakhonde aja kuti akukathyola mango a alendo. Ndowa anaisiya m'tchire. Anakwinya chitenje, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kulowa m'dambo limene anakhala akulitukwana zaka makumi awiri.

Inu, dambo si msewu. Poyamba matope anafika m'akakolo, kenako m'mawondo, kenako anayamba kuwavula chitenje. Bango linkawacheka m'mikono. Misundu inawakakamira m'miyendo, iwo osatha kukuwa. Anatsata mkwaso wa mvuu, ndowe zake zikadali zofunda. Kumudzi ng'oma zolandirira alendo zinali zitayamba kuyeserera. Atafika pa mtengo wakugwa anaima. Kumanzere kunali kouma bwino, kaudzu kafupikafupi. Kumanja kunali madzi akuda ofika m'chiuno. Anadzera kumanja.

Ali pakati pa madziwo anaona chipika chili ndi maso. Chinali patali ngati kuchokera pakhonde kufika pa nkhokwe. Mayi amene sanakhalepo chete chibadwire anatseka pakamwa ndi dzanja, n'kumasuntha phazi limodzi, kudikira, kusuntha linzake. Ng'onayo inaphethira kamodzi n'kumira. Kumene inalowera sanadziwe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kuiona.

Pansi pa mkuyu panali kachulu. Anakwerapo n'kuima chilili, nsungwi itatsamira paphewa. Nantchengwa mmodzi anali atakhala pakhomo la chisa, akuwayang'ana ndi diso limodzi. A Bernadette anamva mutu ukuyamba kuzungulira n'kuganiza kuti basi, misala ija yayamba ndisanakhudze n'komwe. Dzuwa linakwera. Udzudzu unadya mpaka kukhuta. Ndipo poti pakamwa panali potseka, makutu anatseguka okha. Anamva atsekwe akukangana kuseri kwa bango, achiswankhono akugogoda nkhono, kambalame kena kosaoneka kakubwereza mawu amodzimodzi ngati mwana woloweza katekisimu. M'chisamo anapiye ankalira ndi timawu tosasa. Mumtima anati, kani n'zimenezi zimene amandisiyira pakati pa nkhani.

Mbalame ija inatambasula mapiko n'kupita, inzake n'kutsatira. A Bernadette anakweza nsungwi. Ulendo woyamba waya anakola chikopa cha njoka, chinawagwera paphazi, anangoluma mlomo. Ulendo wachiwiri anakola nsalu. Mtima unkati koka, koka, tizipita, koma anakankhira m'mwamba pang'onopang'ono mpaka inasomphoka, osagwa ngakhale kamtengo kamodzi. Anaikoleka pabango, n'kuvula duku lawo lofiira, la tsiku la ukwati, limene anavala dala kuti ngati afa afe ataoneka bwino. Analikweza pa nsungwi n'kuliyala pamene panali mbendera. Kansalu kaja anakakolanso ndi waya, anakaviika m'madzi katatu kali kunsonga komweko. Chala chawo sichinakakhudze.

Akutulukira pa sukulu, fumbi la galimoto linali likuoneka kale kumsewu. Bwalo linali lodzaza, amayi a zitenje zofanana akuvina, ana ali pamzere, a Imasiku ali pakati pa anyamata awiri aja, kachikwama kali pamapazi. Kenako anthu anaona mayi wopanda duku, matope mpaka m'chiuno, magazi a misundu akutsika m'miyendo, atanyamula nsungwi ngati wonyamula mtanda pa ulendo wa tchalitchi. Ng'oma zinaleka. Anthu anapatuka okha, amayi akukokera ana kumbuyo. A Bernadette anafika patebulo n'kugwedeza nsungwi, kambendera n'kugwera pansalu yoyera kali konyowa.

Bwana uja anatsika, munthu wamkulu thupi, wa suti ya manja aafupi, apolisi awiri pambuyo. Anamwa madzi, anamvera nyimbo ziwiri, kenako maso ake anagwera patebulo. Anafunsa chifukwa chake mbendera yanyowa.

Jethro ankadikira pomwepo. Anadumpha n'kuitsomphola, n'kuitambasula ndi manja onse awiri pamaso pa bwanayo, n'kuyamba kufuula kuti abwana aone okha, anunkhize okha, pali nkhani yaikulu pano yokhudza mphunzitsi wamkulu. A Bernadette anali chapafupi. Sanakweze mawu.

"Jethro mwanawe, ine ndagwila ndi nsungwi. Iwe wagwila ndi manja."

Jethro anayang'ana manja ake. Anayang'ana anthu, n'kuona kuti ngakhale anyamata ake akubwerera m'mbuyo. Anaika kansaluko patebulo mwaulemu woopsa, n'kumapukuta zikhatho pa buluku, kupukuta, kupukuta, nkhani yaikulu ija ataiiwala.

Koma bwanayo sanali mwana. Anaona kuti pali chimene chikubisidwa. Anatembenukira kwa a Imasiku, n'kuwauza kuti abwere kutsogolo, afotokoze bwinobwino chimene chachitikira mbendera imene anawasungitsa. Apolisi aja anasendera.

A Bernadette ankawadziwa amuna awo. Munthuyo bodza sankalidziwa. Akanatha kunena kuti yachapidwa, n'kuthera pomwepo, koma iwo ayi, anali oti afotokoza zonse, chisa, chikopa cha njoka, ndi kuti anakana kukwera chifukwa anapiye anali ofunika kuposa nsalu. Ng'ona yonse ija, misundu yonse ija, zinali zopita pachabe. A Imasiku anakonza kolala, anatsokomola pang'ono.

"Bwana, sindingakunamizeni. Zoona zake n'zakuti mbendela imeneyi masiku awili apitawa inali pa..."

Kumwamba kunamveka kulira kosasa, kokhala ngati kuseka. Anali anantchengwa awiri aja, akudutsa pamwamba pa bwalo kubwerera kudambo. Chala chinakwera, pamphuno penipeni pa bwana wamkulu wa chipani.

Wapolisi mmodzi anagwira lamba. A Bernadette, amene anachitemberera chala chimenechi tsiku lililonse la ukwati wawo, anakweza chawo, chamatope. Ndiye zinachitika zokha. Ana a sukulu anakhala chete n'kuyang'ana kumwamba. Makolo awo, amene onse anadutsa m'manja mwa a Imasiku, chimodzimodzi. Oimba ng'oma, amayi a zitenje, ngakhale Jethro ndi manja ake otambalala, anthu mazana atatu, zii, zibwano m'mwamba. Bwana uja anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti yekha ndi amene akuyang'ana pansi. Nayenso anakweza mutu, apolisi n'kutsatira. Anaziperekeza mbalamezo ndi maso mpaka zinazimirira kuseri kwa mitengo.

A Imasiku anatsitsa chala n'kuuza bwanayo mokondwa kuti zimenezo ndi mwamuna ndi mkazi wake, ndipo ali ndi ana. Za mbendera zinali zitauluka nazo limodzi.

Bwanayo anayang'ana khamu lija. Kenako anati wayenda boma lonse, kuchokera ku Sandwe mpaka ku mlatho, koma sanaonepo anthu omvera mwambo chotere, chala chimodzi mudzi wonse chete. Anati nthambi zina za chipani zibwere zidzaphunzire kuno, ndipo mbendera yochapidwa ndi chizindikiro cha anthu okonda chipani. Anayang'ana wotchi n'kuyamba kulankhula za feteleza. Galimoto inabwerera ku Petauke kumbuyo kuli mbuzi ndi nthochi basi.

Madzulo ake, akuthira mchere m'mabala a misundu, a Bernadette anafunsa kuti kodi kumanzere kuja kunali chiyani choopsa kuposa ng'ona. A Imasiku anati kunali mazira atatu a kambalame koikira pansi, akanawaponda. Anadabwa kumva kuti kumanja kuli ng'ona, n'kutulutsa kabuku kuti alembe. Sabata imeneyo a Imasiku anadya kwa aneba.

Jethro anasamba m'manja ndi phulusa mwezi wathunthu, n'kusiya utcheyamani. Misala sinabwere kwa iye kapena kwa a Bernadette, ngakhale amayi ena ankati inabwera ndithu, chifukwa Loweruka lotsatira anawaona akutsatira amuna awo kudambo atavala majombo, ali chete.

A Imasiku anapuma ntchito koma kwawo sanabwerere. Anakalambira pakhonde lomwe lija, magalasi ali m'khosi ngakhale maso atachita khungu, akuzitchula mbalame ndi makutu okha. Tsiku lomaliza kunali m'mawa, a Bernadette atawatulutsira padzuwa. Anawagwira dzanja n'kunena kuti, "Amake Hilary, pali mawu amene ndinayamba kalekale pansi pa mango paja. Ndimafuna ndikuuzeni kuti..." Njiwa inalira. Chala chinakwera pang'ono pabulangete, n'kukhala choncho.

Pamaliro, ansembe ali pakati pa ulaliki, nkhwazi inalira cha kudambo. Palibe anakweza chala, koma manda onse anangoti zii, anthu akuluakulu misozi ikutsikira m'makutu chifukwa nkhope zinali kumwamba.

Masiku ano ku Nyalugwe aliyense amamaliza zimene wayamba kunena, ndipo kunena zoona zambiri mwa izo sizoyenera kumaliza. Ana a sukulu amadziwa kumene Zambezi amathera, koma afunseni mbalame imene ikulira padenga, akuyang'anani ngati mwapenga. A Bernadette akadalipo, akalamba, akulankhulabe ngati chigayo. Anthu akawafunsa kuti kodi aphunzitsi ankafuna kunena chiyani tsiku lija, amati ankafuna tiyi, n'chiyaninso china. Koma mukakhala nawo pakhondepo, mbalame ikalira, nkhani imaduka pakati. Sayang'ana kumwamba ayi. Amayang'ana kumpando uja, pamene chala chinkakwerera.